"Ndasunga" kapena "ndidaasunga"? Mneni mmodzi amene akutitayitsa mafayilo

Mwa mawu onse amene amamveka m'maofesi a kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, amene ine ndimawaopa kwambiri ndi akuti "ndasunga". Mneniyu payekha alibe mlandu. Ndi Chichewa chenicheni, chakalekale: timasunga chimanga, timasunga ndalama, timasunga mwambo, timasunga ana amasiye, ngakhalenso chinsinsi. Koma chibwerereni makompyuta, mneni ameneyu tamusenzetsa katundu woposa msinkhu wake, ndipo katunduyo akagwa amaphwanya anthu amene kompyutayo sadaikhudzepo n'komwe.

Kalaliki akanena kuti "ndasunga", akhoza kutanthauza zinthu zinayi. Mwina wadina batani loseva, ndiye kuti zimene walemba lero zakhala pamalo pa zimene zidalipo dzulo, ndipo zadzulozo zakwiririka. Mwina wakopera fayiloyo mu flashi imene ili m'thumba la malaya ake. Mwina waitumiza kwa mnzake pa WhatsApp, pokhulupirira kuti chotumizidwa sichitayika. Kapena, ngati ndi mmodzi wa achinyamata olemba mapulogalamu, wachita commit mu Git. Ntchito zinayizi zimasiyana pa funso limodzi limene limadzuka tsiku la tsoka: kodi zakale zija zingapezekenso? Pa kuseva, kawirikawiri yankho ndi ayi. Pa flashi, yankho limadalira tsiku limene munthu adakopera. Pa WhatsApp limadalira ngati foni ikadalipo. Pa Git yankho ndi inde, bola ngati munthuyo adatumizadi ntchitoyo kwina, kunja kwa laputopu yake. Mayankho anayi, mneni mmodzi.

Kwa amene sadaionepo, Git ndi pulogalamu imene Linus Torvalds adalemba mu 2005 kuti anthu ambirimbiri okonza Linux azigwira ntchito pa mafayilo amodzi osapondana zala. Nzeru yake yonse yagona pa kusiyanitsa masitepe amene ife tawaunjika pamodzi. Munthu amasintha fayilo pa kompyuta yake, limenelo ndi sitepe loyamba. Kenaka amasankha zosintha zimene akufuna kuti zilembedwe. Akatero amachita commit, ndiye kuti zosinthazo zalowa m'mbiri ya ntchitoyo pamodzi ndi dzina lake, tsiku, nthawi, ndi chifukwa chake. Pomaliza amachita push, kutumiza mbiriyo ku kompyuta ina kumene anzake angaipeze. Mphunzitsi amene akufotokoza zonsezi m'Chichewa n'kumati "apa mwasunga, apanso mwasunga, ndiye pomaliza musunge" waphunzitsa mabatani, koma nzeru ya chidacho waisiya panja.

Zimene zimachitika mawu akaunjikana

Chaka china, nyengo yogulitsa soya, ndidapemphedwa kukathandiza kopaletivi ina ya alimi cha m'mapiri a ku Ntchisi. Git kudalibe kumeneko. Kudali laputopu imodzi, maflashi awiri ndi Excel. Pa laputopupo ndidapezapo mafayilo anayi: "mndandanda", "mndandanda watsopano", "mndandanda final", ndi "mndandanda final weniweni". Alembi adali atawonjezera maina a alimi amene adabweretsa soya mochedwa, n'kuseva. Asungichuma adali ndi flashi ya sabata yapitayo. Adaitsegula pa kompyuta ya m'bale wawo kuboma, adakonza mitengo, ndipo pobwera adakopera fayilo yawoyo pa laputopu ija. Kompyuta idafunsa m'Chingerezi ngati fayilo yatsopanoyo ilowe m'malo mwa imene ilipo. Iwo adavomera, poti kwa iwo kumeneko kudali kusunga.

Tsiku lolandira ndalama, mayi wina adapeza kuti dzina lawo mulibe.

"Alembi, dzina langa mwaliika kuti? Soya uja ndidapereka inuyo mukuona ndi maso anu."

"Mayi, pepani, koma ine ndidasungatu. Afunseni asungichumawa."

"Inenso ndidasunga, alembi. Ndi iyi ili apayi."

Palibe amene ankanama. Onse awiri adasunga, ndipo kusunga kwa wachiwiri kudadya kusunga kwa woyamba. Chimene chidapulumutsa ndalama za mayiwo ndi kabuku ka pasikelo, kolembedwa ndi bolopeni, kamene mnyamata woyeza matumba ankalembamo tsiku, dzina ndi makilogalamu, mzere pansi pa mzere, osafufuta. Kabuku kameneka ndikabwereranso patsogolopa, chifukwa ndi momwe muli mawu amene tikuwasowa.

Chilankhulo chathu chimadziwa kale kusiyanitsa

Chimene chimandinyansa pa nkhaniyi n'chakuti Chichewa si chilankhulo chosasamala za mbiri ya zinthu. Aneni athu amanena ngati chinthu chidachitika, ndipo amanenanso ngati zotsatira zake zikadalipo. Mukamva kuti "alendo abwera", mumadziwa kuti alendowo ali pakhomo, muike madzi pamoto. Mukamva kuti "alendo anabwéra", liwu litakwera pa "bwe", mumadziwa kuti adafika lero lomwe koma apita kale. Mkulu wa ku Mvera akati "ndidagula mbuzi", mbuziyo mukhoza kukaipeza m'khola. Akati "ndidaagula mbuzi", ndi "a" wautali uja, musavutike kupita kukholako: idafa, idagulitsidwa, kapena idapita kukalipa mlandu. Mark Hanna Watkins, amene adalemba galamala ya Chichewa yosindikizidwa mu 1937, mothandizidwa ndi Hastings Kamuzu Banda pa nthawi imene Banda adali wophunzira ku Chicago, adaona kale kusiyana kumeneku, kwa nthawi yakale imene zotsatira zake zikadalipo ndi ina imene zotsatira zake zidatha.

Tiyeni tiike mneni wathu uja pa muyeso womwewu. "Ndasunga": chilipo, kachioneni. "Ndinásunga", liwu litakwera pa "na", kapena "ndidasunga": ndidachita kale, ndipo ndikuyembekeza kuti chilipobe. "Ndinasúnga", liwu litakwera pa "su": ndachita lero, koma china chake chachitika. "Ndidaasunga": chidalipo, lero palibe. Galamala ya agogo athu ikuchita apa ntchito imene akatswiri a makompyuta adachita kuipangira zida.

Tsoka lake, kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu. Malamulo a kalembedwe a bungwe la Chichewa Board a 1973, ndi okonzedwanso a 1980 ndi 1990, adasiya zimenezi m'manja mwa wowerenga. M'nkhani kapena m'kalata wowerenga amadziwa kamvekedwe koyenera poona ziganizo zoyandikana nazo. Koma uthenga wa pa foni woti "ndinasunga bwana", umene uli wokhawokha, ukhoza kuwerengedwa pawiri, ndipo bwana amasankha kuwerenga kumene kumupatse tulo. Nayenso "a" wautali wa "ndidaasunga" ambiri polemba amamudula, poganiza kuti chala chaterereka. Choncho pakamwa tili ndi chida chakuthwa, koma pa kiyibodi timachigwira chobuntha.

Mlandu wa omasulira

Amene ndikuwadzudzula kwenikweni si akalaliki. Ndi ife amene timamasulira timabuku ta maphunziro a makompyuta, zolemba za pa mapulogalamu, ndi mindandanda ya mawu imene imagawidwa m'misonkhano. Njira imene yafala ndi yotsegula dikishonale, kupeza liwu la Chingerezi, n'kulipatsa mnzake mmodzi wa Chichewa, basi ntchito yatha. Mabuku ngati Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies kapena Oxford Chichewa Dictionary ya Steven Paas ya 2016 ndi chuma, koma dikishonale imakupatsa matanthauzo, siikuuza kuti pa laputopu ya kopaletivi tanthauzo liti lingamanitse munthu ndalama zake. Chiyambireni Google Translate kumasulira Chichewa mu December 2014, ulesi umenewu wapeza galimoto: liwu limalowa, liwu limatuluka, palibe wofunsa kuti batanilo likadinidwa chimachitika n'chiyani.

Taonani zitsanzo zitatu. Liwu la version ambiri amalimasulira kuti "mtundu". Koma mtundu ndi wa anthu, wa mbewu, wa nsalu. Soya ndi mtedza ndi mitundu iwiri. Mndandanda wa Lolemba ndi mndandanda wa Lachinayi si mitundu iwiri, ndi chinthu chimodzi pa masiku awiri. Munthu amene wauzidwa kuti pali "mitundu" ya fayilo saganiza zofunsa kuti idayamba ndi iti.

Chachiwiri ndi conflict. Mu Git, anthu awiri akasintha mzere umodzi womwewo aliyense payekha, pulogalamuyo imakana kusankha yokha. Imaima n'kuonetsa mizere yonse iwiri kuti munthu agamule. Ndaona anthu akulemba kuti "pali mkangano". Mkangano umafuna wolakwa, ndipo wachinyamata amene akuona kuti wakangana ndi mkulu wake pa ntchito amangofufuta mzere wake msangamsanga mwaulemu, ngakhale wolondola uli wakewo. Chichewa chili ndi liwu loyenera: kusemphana. Anthu amasemphana panjira popanda woipa mtima. "Mizere yasemphana" imaitana anthu kuti akhale pansi aone, pamene "pali mkangano" imawauza kuti wina agonje.

Chachitatu ndi kubwerera m'mbuyo. Git ili ndi njira ziwiri zimene zimafanana pamaso koma n'zosiyana kutali. Ina, revert, imalemba chosintha chatsopano chothetsa cholakwika chija, ndipo mbiri yonse imatsala poyera. Ina, reset, imabweza mbiriyo mpaka tsiku limene mwasankha, ndipo mukailamula mwaukali imataya ndi zimene munali musadalembe m'mbiri. M'zolemba zambiri zonse ziwiri ndi "kubweza". Chonsecho pakamwa pathu pali "kubwezeretsa", kumene kumasiya chinthu monga chidalili, ndi "kufafaniza", kumene kumachotsa ndi mapazi omwe. Tili ndi msintho wa aneni wotembenuza ntchito: kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula, kuyala ndi kuyalula, kuvundikira ndi kuvundukula. Wolankhula Chichewa aliyense amadziwa m'mafupa mwake kuti ntchito zina zimamasulika ndipo zina sizimasulika. Mneni wa "kusunga" alibe mnzake wotere, nchifukwa chake munthu akamudina saona ngozi.

Bwanji osangobwereka?

Alipo amene amati tisavutike, tingotenga mawu a Chingerezi momwe alili. Maganizo amenewa sindiwataya. Ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo umene udatsegulidwa mu 1994 kuno ku Dowa, kuli malo ngati TakenoLAB kumene achinyamata amaphunzira kulemba mapulogalamu, ndipo pamsasapo pamamveka Chiswahili, Chikirundi, Chifalansa ndi Chichewa. Pamalo potero liwu lobwereka ndilo mlatho. Ndipo achinyamata a m'matauni athu, ku Mponela ngakhale ku Lilongwe, adayamba kale kuwaveka mawuwa zovala za Chichewa. "Ndakomita koma sindinapushe" ndi chiganizo chabwino zedi: mneni woyamba akunena kuti zotsatira zilipo, wachiwiri akunena kuti sitepe lina likudikira. "Usapushe kaye, ndikupula" aliyense pagululo amamva. Amene amanyoza Chichewa chotere aiwale kaye kuti sukulu, buku, fayilo ndi kalaliki nawonso adabwera ndi alendo.

Koma kubwereka kuli ndi malire ake. Kumathandiza amene adaona kale chinthucho chikugwira ntchito. Kwa alembi a kopaletivi, a kalabu ya fodya, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo amene lipoti lake la pamwezi likukalowa mu DHIS2, liwu loti "kukomita" ndi phokoso chabe. Ndipo "kuseva", kumene kudabwerekedwa kalekale, kwatenga matenda omwe aja a "kusunga": anthu amaseva pa kompyuta, amaseva mu flashi, amaseva pa imelo. Liwu lobwereka silibwera ndi nzeru yake m'thumba. Nzeruyo imafuna chifanizo chimene munthu akuchidziwa kale.

Nkhokwe, kaundula ndi kope

Chifanizo chimene omasulira amachikonda ndi nkhokwe. Chimakoma m'khutu, koma chimasocheretsa. M'nkhokwe mukatapa chimanga chimachepa, ndipo chimanga cha chaka chino chikathiridwa pa chakale simungazisiyanitsenso. Malo osungira ntchito a Git sali choncho: aliyense amatenga zonse, palibe chimene chimachepa, ndipo za tsiku lililonse zimadziwika pazokha.

Chifanizo choyenera ndi kabuku ka pasikelo kaja, kapena ndi dzina lake lalikulu, kaundula. Anthu a kuno amamudziwa kaundula: wa anyakwawa, wa ubatizo kumpingo, wa banki m'khonde. Msungichuma wa banki m'khonde akalakwitsa nambala safufuta. Amadula kamzere kamodzi kuti zakale zizionekabe, amalemba zolondola pansi pake, ndipo gulu limaona. Ameneyo wachita revert asadamvepo dzina lake. Choncho commit ndi "kulemba m'kaundula", push ndi "kupereka kaundula kugulu", ndipo kuseva wamba ndi "kulemba pamwamba pa zakale". Mawu otsirizawa ndi aatali, inde, koma asungichuma aja akadawaona pa laputopu, chala chawo chikadaima kaye. Ndipo munthu amene akudziwa kuti akulemba m'kaundula salemba uthenga wa commit woti "ndakonzako zina". Amalemba chimene wasintha ndi chifukwa chake, monga momwe amachitira pa msonkhano wa gulu.

Nanga version? Liwu tili nalo, ndi "kope", ndipo mapiri a Dowa omwewa ali ndi mbiri yake. Pa Kaso, pafupi ndi mishoni ya Mvera imene idakhazikitsidwa mu 1889, ndi pamene padagwiridwa gawo lalikulu la ntchito yomasulira Buku Lopatulika motsogozedwa ndi William Murray, ndipo Baibulo lathunthu lidatuluka mu 1922. M'makope akale mumapeza "cifukwa" ndi "cinthu", kalembedwe kamene ku Zambia akadali nako, pamene makope a masiku ano ku Malawi amalemba "chifukwa" ndi "chinthu". Agogo akanena kuti "ine ndimawerenga kope lakale lija", sakutanthauza mtundu wina wa Baibulo. Akutanthauza buku lomwelo pa msinkhu wina wa moyo wake. Imeneyo ndiyo version. "Kope la pa 14 May" limanena zoona kuposa "final weniweni", chifukwa tsiku silisintha, pamene "weniweni" wa lero amapezeka ndi mng'ono wake mawa.

Pa mbiri ya kalembedweyi pali msampha wina waung'ono umene ogwira ntchito pa makompyuta amakumana nawo. Lamulo limati "r" azibwera pambuyo pa "e" kapena "i", nchifukwa chake timalemba Mvera. Koma dzina la Mponela lidakhazikika ndi "l", ndipo ena potsata lamulo lija amalemba Mponera. Kwa munthu ndi malo amodzi. Kwa Excel ndi malo awiri, ndipo mukasefa mndandanda ndi dzina limodzi, alimi a dzina linalo amasowa chimodzimodzi ngati afufutidwa. Malawi ndi Malaŵi nawonso kompyuta imawaona ngati mawu awiri. Gulu lililonse logwira ntchito pa fayilo imodzi liyenera kugwirizana kalembedwe lisadayambe kulowetsa maina.

Si ife tokha

Pofuna chilungamo, tinene kuti olankhula Chingerezi nawonso liwu limodzi lidawapusitsapo. Pa 31 January 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, imene ntchito yake yeniyeni ndi kusungira anthu mbiri ya mapulogalamu awo, adafufuta mwangozi deta ya pafupifupi 300 GB pa kompyuta yolakwika. Kampaniyo idali ndi njira zisanu zimene onse ankazitcha backup. Atazifuna, zidapezeka kuti sizinkagwira ntchito monga ankaganizira, ndipo adapulumukira pa kope lina lotengedwa maola 6 ngoziyo isadachitike. Ntchito ya maola amenewo idapita. Mu Chichewa cha ku Mvera, akuluakulu a kampaniyo ankanena kuti "tidasunga" pamene choona chidali "tidaasunga". Chingerezi chilibe "a" wautali wowachenjeza. Ife tili naye, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti timamutaya polemba.

Chimene ndikupempha kwa ophunzira za zilankhulo amene mudzalembedwe ntchito yomasulira n'chosavuta. Musanalembe "sungani" pa batani lililonse, dinani batanilo nokha muone chimene chimachitikira zakale. Ngati zikukwiririka, nenani choncho. Ngati zikulowa m'mbiri, tchulani kaundula. Ngati zikupita kwina, nenani kumene zikupita. Ndipo kwa amene mumagwira ntchito ndi mafayilo tsiku ndi tsiku, mnzanu akati "ndasunga", musamuyankhe kuti "zikomo". Mufunseni mafunso atatu: mwasunga kuti, ndi kope la tsiku liti, ndipo mwalitsekulapo kuti muone ngati lilipobe? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Fayilo imene ili pa laputopu imodzi yokha, magetsi akuphethiraphethira, ikadali pachala.